Zoona dolphin si nsomba? Nanga ray ndi chiyani?

NaphiriWaKuNchalo
Anzanga pagulu pano ndithandizeni, mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali fomu 2, anabwera ndi ntchito yakunyumba yoti asiyanitse dolphin ndi ray: gulu lomwe chilichonse chili, komwe chimakhala, komanso ngati chili pachiopsezo chotha. Anandionetsa zithunzi pafoni. Ine ndagulitsa nsomba pamsika zaka 12, ndiye ndinangoyang'ana kamodzi n'kumuuza kuti lemba zonse ndi nsomba za m'nyanja ya mchere, ina yaitali, ina yaphwatalala ngati lichero. Kope labwera dzulo, pa dolphin paja adula ndi cholembera chofiira, ati si nsomba. Mwana wandikwiyira kuti ndamulakwitsa. Amupatsa mpata wolembanso pofika Lolemba. Chinthu chokhala m'madzi moyo wake wonse, zipsepse chili nazo, mchira chili nawo, chikana bwanji kukhala nsomba? Chinanso, ife akuchigwa kuno nyanja ya mchere ambirife sitinaionepo. Ana athu akuvutikiranji ndi nyama za eni?

BangulaBoy
Aphunzitsiwo sanalakwe mayi. Dolphin imayamwitsa ana ake.

Nachisale88
Kuyamwitsa m'madzi? Mkakawo sungothera m'madzi momwemo?

MsodziWaChiromo
Achemwali a Nachisale, mvuu imayamwitsira kuti? Ine ndaona ndi maso anga kudambo. Kamwana kamamira kunsi kwa mayi ake, pakapita kanthawi katumphuka kudzapuma, makutu gwedegwede, n'kumiranso. Zoyamwitsa m'madzi si zachilendo kwathu kuno.

AphunzitsiNgabu
Mayi Naphiri musadandaule, funso limeneli limagwetsa ngakhale ana a fomu 4. Chimatisokoneza n'choti timagawa zamoyo potengera komwe tazipeza: za m'madzi nsomba, zouluka mbalame. Nanga mleme, poti umauluka, ndi mbalame? Asayansi amayang'ana thupi, osati malo.

Inu mwatumbula nsomba zambiri kuposa tonsefe pagulu pano, ndiye tiyambire pomwepo. Mukatsegula kuseri kwa mutu wa makakana mumapeza makha ofiira aja, ndiwo amatenga mpweya m'madzi. Dolphin makha ilibe. Ili ndi mapapo ngati mbuzi, ndipo mphuno yake ndi kabowo kamodzi pamwamba pa mutu. Imayenera kutumphuka kudzapuma, ikakodwa pansi imamira n'kufa ngati munthu. Magazi ake ndi ofunda. Mtundu wodziwika kwambiri uja wa bottlenose umatenga bere pafupifupi miyezi 12, n'kubereka mwana mmodzi, ndipo mwanayo amayamwa kupitirira chaka. M'kati mwa chipsepse chake chakutsogolo muli mafupa a mkono ndi zala zisanu. Yang'ananinso mchira pachithunzipo. Wa nsomba umaima chilili n'kumapita uku ndi uku, wa dolphin unagona chopingasa, umakwera ndi kutsika. Choncho alembe kuti ndi nyama yoyamwitsa, ya kagulu kamodzi ndi anamgumi kotchedwa Cetacea.

Ray ndi nsomba ndithu, apo munakhoza. Koma si nsomba ngati mlamba kapena njole. Mafupa olimba ilibe, thupi lonse limagwiridwa ndi fupa lofewa ngati lakukhutu kwanu kapena lakunsonga kwa mphuno. Gulu lake ndi Chondrichthyes, momwe mulinso shaki. Ray ndi m'bale wa shaki amene thupi linaphwatalala, zipsepse za m'mbali zinakula mpaka kulumikizana ndi mutu. Makha ndi kamwa zili kumimba, maso ali pamwamba. Mitundu yake ndi yoposa 600.

NaphiriWaKuNchalo
Zikomo aphunzitsi, za makha zandilowa. Koma dowe bwanji? Dowe anthu amamukumba m'matope ouma nthawi ya chilimwe ali moyo, akupuma mpweya wakunja. Mlambanso ndimausunga m'beseni mopanda madzi kuyambira mamawa mpaka masana ukuphiriphitha. Ndiye nawonso si nsomba?

AphunzitsiNgabu
Apo mwagwira penipeni. Dowe alidi ndi mapapo, ndipo mlamba uli ndi kachiwalo kanthambinthambi pamwamba pa makha komwe kamauthandiza kupuma kunja kwa madzi. Koma onsewa amaikira mazira, thupi lawo limatsatira kutentha kwa madzi, ndipo mawere alibe. Chizindikiro chimodzi pachokha chikhoza kukupusitsani. Chomwe chimadula mlandu ndi mawere. Ndipo mwana wanu asalembe kuti kusiyana kwake n'koti ina imabereka ina imaikira mazira, chifukwa ma ray ambiri amabereka ana amoyo. Kungoti akabereka, mwana adzionere yekha kuyambira tsiku lomwelo.

Bambo aku Chiromo atchula mvuu, ndipo agunda pomwepo osadziwa. Pa nyama zonse zomwe zilipo lero, m'bale wapafupi kwambiri wa dolphin ndi namgumi ndi mvuu. Osati shaki. Kafukufuku wa DNA komanso mafupa akale okumbidwa ku Pakistan ndi ku India akusonyeza kuti makolo a anamgumi ankayenda pamtunda ndi miyendo inayi, ndipo anapatukana ndi makolo a mvuu zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo.

MkuluWaMpingoTengani
Aphunzitsi, apo ndiye mwandisiya panjira. Ine ndimakhulupirira kuti chilichonse chinalengedwa mwa mtundu wake. Mvuu yomwe inatha chimanga changa kudimba chaka chatha ikhale m'bale wa kanyama kosalala kaja? Ana athu muziwaphunzitsa zooneka ndi maso.

AphunzitsiNgabu
Abambo, chikhulupiriro chanu ndimachilemekeza, inenso ndimapemphera. Nkhani ya zaka mamiliyoni tingakambirane tsiku lina titakhala pansi. Koma zomwe mwanayu wafunsidwa ndi gulu, ndipo zooneka ndi maso zomwezo zikuti mvuu ndi dolphin zonse zimapuma ndi mapapo, zimabereka, zimayamwitsa. Pamenepo ine ndi inu sitikutsutsana.

MlimiWaMakhanga
Mwatchula mvuu mwandikhudza pachilonda. Mwezi wathunthu ndakhala ndikugona kudimba, moto uli apo, ndikumenya chigubu usiku wonse. Usiku umodzi wokha womwe ndinapita kumaliro, theka la munda linapita. Wina akandiuza kuti mvuu zikuchepa padziko ndimangomuyang'ana.

MlondaWaDambo
Pepani achimwene, zimenezo n'zowawa. Koma zonse ziwiri n'zoona. Padziko lonse mvuu zachepadi, ndipo kwathu kuno tikukumana nazo pafupipafupi chifukwa madimba athu tawalowetsa mpaka pomwe izo zimadyera.

MlimiWaMakhanga
Tilime kuti nanga? Kumtunda mvula kulibe.

DalaivalaWaBeira
Ndibwerere ku funso la mayiwa, chifukwa ine zonse ziwiri ndaziona. Ndimayendetsa thiraki njira ya Beira. Kumeneko ray amati raia, dolphin amati golfinho. Raia ndinaiona koyamba ku Praia Nova, asodzi atangofika. Anaikoka pamchenga, yaikulu ngati chivundikiro cha mgolo, pamwamba yotuwa ngati matope, ndipo choyamba chomwe anachita n'kudula mchira ndi chikwanje. Ndinafunsa chifukwa, anandionetsa munga wautali ngati chala, wamanomano m'mbali ngati mpeni wa buledi. Ataitembenuza, kumimba koyera mbee, kamwa ndi timabowo tiwiri ta mphuno zikuoneka ngati nkhope ya munthu. M'munsi mwake timing'alu tisanu mbali ino, tisanu mbali inayo. Amaidula zidutswa, ina amathira mchere n'kuyanika. Ndinadyako, mulibe minga yobaya pakhosi, mumangokhala tifupa tofewa tomwe umatafuna. Koma ikagona osakonzedwa imanunkha ngati mkodzo.

Golfinho ndinawaona ndili m'boti pakati pa Maxixe ndi Inhambane. Usanawaone umayamba wamva kaye, phuu, ndendende mvuu ikatumphuka. Anali anayi, kamodzi kakang'ono katamatirira pambali pa wamkulu, akumira limodzi kutumphuka limodzi. Munthu ukaona zimene zija sungatinso nsomba.

NamwinoWaChikwawa
Munga umenewo uli ndi ululu woopsa. Ray sathamangitsa munthu, amadzikwirira mumchenga pamadzi osaya, ndiye ukamuponda amakwapula ndi mchira. Steve Irwin, bambo wa ku Australia uja ankagwira ng'ona pa TV, anafa mu 2006 atabayidwa pachifuwa ndi munga umenewu, ngakhale imfa zotere sizichitikachitika. Ndipezerepo mwayi kwa asodzi athu: mukabayidwa ndi munga wa nkhonokono kapena mlamba, chithandizo choyamba n'chimodzimodzi. Tsukani, viikani m'madzi otentha omwe khungu lingapirire osapsa, kenako bwerani kuchipatala. Chonde musathire mafuta a galimoto kapena dothi pabala, timalandira miyendo yotupa chifukwa cha zimenezo.

BangulaBoy
Ndinamva kuti ray wina ali ndi magetsi. Ndiye ndi m'bale wa nyesi wathu uja?

ZaNsombaNsanje
Ayi achimwene. Alipodi ma ray a magetsi, ena amatulutsa mphamvu yofika mavoti 200, koma nyesi ndi wa mtundu wa milamba, ali ndi mafupa olimba. Chida n'chofanana, mtundu ndi wina, monga momwe dolphin ndi shaki zimafanana maonekedwe koma sizili pachibale. Komanso dziwani kuti nyesi wathuyu dzina lake lasayansi ndi Malapterurus shirensis, analitenga ku mtsinje wa Shire womwewu. Ine ndikuphunzira za usodzi chaka chachitatu, tsiku lomwe ndinaona dzinali m'kalasi ndinamva kukoma kwambiri.

SabataNdiLoyera
Kaya ray kaya mlamba kaya nyesi, zonse zilibe mamba. Kwathu sizilowa mumphika.

Nachisale88
Ndiye kuchigwa kuno mumadya chiyani achimwene, poti ndiwo yathu ndi mlamba wowamba?

SabataNdiLoyera
Makakana, njole, mcheni. Sitinagonepo ndi njala.

WoyendetsaGulu
Za kadyedwe aliyense ndi mpingo wake, tisiyire pomwepo. Mayi Naphiri ali ndi tsiku loti mwana apereke ntchito.

NaphiriWaKuNchalo
Zikomo. Za gulu tamaliza, mwana walemba kale. Koma funso langa lachiwiri palibe waliyankha. Zikutikhudza bwanji ife nyamazi?

ZaNsombaNsanje
Mayi, ndiyesere ineyo, chifukwa funso limenelo inenso ndinali nalo. Shire wathu wakumunsi kuno, pa nkhani ya nsomba, si wa nyanja ya Malawi ayi, ndi wa Zambezi. Mathithi a Kapichira ndiwo malire: nsomba zambiri zochokera kumunsi sizingakwere pamenepo, n'chifukwa chake mcheni wathu wa mumtsinje (osati wa kunyanja ya Malawi uja) ndi dowe mumazipeza kuno koma osati ku Mangochi. Kuchoka pa Kapichira kutsika, madzi ndi njira yotseguka kudutsa Chiromo, Nsanje, kukalowa mu Zambezi, mpaka kunyanja ya mchere ku Chinde. Mkunga womwe asodzi amakola kuno unabadwira m'nyanja ya Indian, unakwera mtsinje uli kamwana, ndipo ukakhwima umabwerera komweko kukaswana. Shaki wina, yemwe ku South Africa amangomutchula kuti Zambezi, amalowa m'madzi opanda mchere n'kukwera mtsinjewo makilomita mazanamazana.

Tsono pali ray mmodzi amene nkhani yake ndi yathu. Ndi nsomba yaitali ngati shaki, koma kumphuno kwake kuli chinthu chachitali chaphanthiphanthi chokhala ndi mano mbali zonse ziwiri, ngati sowo wochekera matabwa. Pachingerezi amati sawfish. Ukaitembenuza makha ali kumimba, ndiye ndi ray, osati shaki. Mtundu wina, Pristis pristis, umatha kutalika kupitirira mamita 6, ndipo ana ake amakulira m'mitsinje zaka zingapo asanatsikire kunyanja. Ulendo wa David Livingstone utadutsa mu Zambezi pakati pa 1858 ndi 1864, analemba za nsomba imeneyi kuti imapezeka mumtsinjemo ndipo imakwera kutali m'madzi opanda mchere. Lero ili m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, yasowa m'maiko ambiri momwe inkapezeka, ndipo malo omwe yatsalako bwino ndi kumpoto kwa Australia. Ndiye si nyama ya eni. Inali ya mtsinje womwe madzi athu amathiramo.

MsodziWaChiromo
Mwana wanga, wandidzidzimutsa. Ndawerenga kawiri. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, ankapalasa mwadiya mpaka kumunsi kwa Zambezi ali anyamata. M'nyumba mwawo, pamwamba pa chitseko, munkapachikidwa chinthu chotere. Kutalika kwake ngati mkono wanga kuchokera paphewa, chouma, chotuwa, mano mbali zonse, ena atathyoka. Tili ana ankatiletsa kuchikhudza. Iwo ankati ndi mphuno ya nsomba yomwe inawang'ambira ukonde wonse, anaikoka amuna anayi. Ife tikukula tinkaganiza kuti ndi nthano za akuluakulu, mwina nyanga ya nyama ina yake. Atamwalira chinakhala kwa amalume, ndipo chinapita ndi madzi osefukira a 2015 pamodzi ndi nyumba. Ine ndayamba kupha nsomba ndili ndi zaka 14, pano imvi zili mbuu, nsomba imeneyo sindinaikolepo, ngakhale kumva mnzanga kuti waikola.

BangulaBoy
Madala, chithunzi palibe amene anajambula?

MsodziWaChiromo
Foni za kamera zinafika mochedwa kwathu. Koma m'maso mwanga chilipo.

ZaNsombaNsanje
Bambo, zomwe agogo ananena zoti inang'amba ukonde ndiye gwero la tsoka lake. Sowo uja amakodwa mu ukonde wamtundu uliwonse, ngakhale wotchera nsomba zina. Maukonde a nayiloni atachuluka, nsombayi inalibe pothawira. Msodzi sangaimasule bwinobwino chifukwa ndi yoopsa, ndiye amaipha, zipsepse ndi sowo n'kugulitsa. Onjezanipo kudulidwa kwa mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja momwe ana amabisala, ndi madamu ngati Cahora Bassa wa 1974 amene anasintha kasefukiridwe ka Zambezi.

Ndipo apa ndi pomwe dolphin ndi ray, ngakhale zili magulu otalikirana, zimakumana. Mayi Naphiri mukudziwa makakana, mukatumbula yaikazi mumapeza mazira mazanamazana, ndipo imaswa kangapo pachaka. Mukaipha kwambiri chaka chino, madzi akasefukira bwino imabwereranso. Nsomba ya sowo imatenga zaka 8 mpaka 10 kuti iyambe kubereka. Manta, ray wamkulu kuposa onse amene mapiko ake amafika mamita 7, amabereka mwana mmodzi pakatha zaka ziwiri kapena kuposerapo. Dolphin nayo mwana mmodzi, kenako zaka zitatu kapena kuposa isanaberekenso. Nyama yobereka chonchi ili ngati ng'ombe, osati nkhuku. Mukapha zisanu m'khola la ng'ombe 20 chaka chilichonse, khola litha.

Mu 2021 akatswiri a bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN atawunika mitundu ya shaki ndi ray padziko lonse anapeza kuti mtundu umodzi pa itatu iliyonse uli pachiopsezo chotha, ndipo chifukwa chachikulu ndi kupha mopyola muyeso.

MlondaWaDambo
Ndiye tisaloze chala ku Mozambique kokha. Pitani pa Elephant Marsh mamawa muone neti za udzudzu zomwe zikukokedwa. Zimakokolola ndi timwana tosaoneka n'komwe mtundu wake. Dambo limeneli linalowa pa mndandanda wa Ramsar mu 2017, lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, kutanthauza kuti dziko lonse likulidziwa kuti ndi lofunika. Koma ife eni ake tikusefa madzi ngati tikusefa ufa.

MwanaWaNdindi
Bambo Mlonda, inu mumalandira pamwezi. Namondwe Ana, namondwe Freddy, madzi anatitengera mbuzi, mbewu, maukonde omwe. Matchera atsopano mukudziwa mtengo wake? Mayi amene akukoka neti ya udzudzu sakufuna kuwononga dambo, akufuna ana adye madzulo. Mukamatilankhula muzibwera ndi ukonde wina m'manja.

MlondaWaDambo
Sindikunyoza umphawi achimwene, inenso nyumba inagwa ndi Freddy. Koma timwana timene tikudya lero ndi makakana a chaka chamawa.

MsodziWaChiromo
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo ine ndili pakati panu. Kale ndikatchera madzulo, mamawa ndinkavutika kukweza matchera m'bwato. Pano ndimatchera maukonde ochuluka kuposa kale, nsomba n'kukwana beseni limodzi, zazing'onozing'ono. Pagombe pathu tinagwirizana tokha kuti nthawi yoswana malo ena asakokedwe khoka, ndipo amfumu anavomereza. Chinativuta n'choti a gombe lina ankabwera usiku. Lamulo la gombe limodzi silisunga dambo.

WoyendetsaGulu
Nkhani ya neti ndi yaikulu, ndiitsegulira malo akeake mawa. Aphunzitsi, malizitsani mbali ya malo okhala ndi chiopsezo, mwana alembe.

AphunzitsiNgabu
Chabwino. Malo okhala asalembe kuti nyanja basi. Ma dolphin ambiri ali m'nyanja ya mchere, ena kutali pakati, ena m'mphepete. Ena ndi a m'mitsinje: Amazon, Ganges, Indus. Mu Africa muno mulibe dolphin wa mumtsinje, ndiye wina akakuuzani kuti waiona pa Shire, waona mvuu kapena katumbu. Popeza imapuma mpweya, dolphin moyo wake umazungulira pamwamba pa madzi, ngakhale kugona imagona ndi theka la ubongo, theka linalo lili maso kuti ikumbuke kupuma. M'madzi akuda imasaka ndi mawu: imatulutsa kaphokoso n'kumvera kubwerera kwake. Ya mu Ganges maso ake saona n'komwe bwino, imadalira makutu.

Ma ray ambiri ndi apansi, pamchenga ndi pamatope, akudya nkhanu ndi nkhono. Kuseri kwa maso ali ndi timabowo tokokera madzi kuti azipuma atadzikwirira. Manta ndi amene amasiyana, amayandama pakati pa madzi akusefa tizilombo ting'onoting'ono. A m'madzi opanda mchere aliponso, ku South America, mu Niger ndi Benue ku West Africa, ndi mu Mekong, momwe mu 2022 asodzi a ku Cambodia anagwira mmodzi wolemera makilogalamu 300 n'kumubwezera m'madzi.

Za chiopsezo, IUCN ili ndi makwerero: Least Concern ndi zosadetsa nkhawa, kenako Near Threatened, Vulnerable, Endangered, Critically Endangered, pomaliza Extinct, zomwe zinatheratu. Chofunika mwana amvetse n'choti sayika dolphin yonse kapena ray yense pa sitepe imodzi, amayika mtundu uliwonse pawokha. Bottlenose wamba ali pa Least Concern. Koma humpback dolphin wa m'nyanja ya Indian, amene amakhala m'madzi osaya m'mphepete mwa Mozambique, ali pa Endangered, chifukwa amakhala pomwe pali matchera ambiri. Dolphin wotchedwa baiji wa mumtsinje wa Yangtze ku China anamufunafuna milungu 6 mu 2006 osapeza ndi mmodzi yemwe. Kumbali ya ray, manta wamkulu ali pa Endangered, manta wa m'matanthwe a m'mphepete ali pa Vulnerable, nsomba ya sowo ija pa Critically Endangered.

Nachisale88
Ndiye ili pamavuto kwambiri ndi iti, tingonena chimodzi?

ZaNsombaNsanje
Mukawerenga mitundu, ma ray ndiwo ali pamoto kwambiri, ndipo ndi omwe anthu sawalirira. Dolphin ikafa mu ukonde anthu amamva chisoni, ili ndi nkhope yokhala ngati ikumwetulira, alendo amalipira ndalama kuti akaione. Ray akafa ndi ndiwo basi. Ngakhale kuwadziwa tinachedwa: mpaka 2009 anthu ankati manta ndi mtundu umodzi, ndipo amene anasonyeza kuti ilipo iwiri, Andrea Marshall, ankachita kafukufuku wake ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane chomwe adalaivala atchula. Manta amaphedwa makamaka chifukwa cha zosefera za m'makha mwake, zomwe amaziumitsa n'kugulitsa ku Asia. Mozambique inaletsa kupha manta kuyambira 2021.

Koma ma dolphin a m'mitsinje nawo ali pamavuto aakulu, ndipo china mwa zomwe zikuwapha ife akuchigwa tikuchidziwa bwino: kutentha. Mu 2023 pa nyanja ya Tefé ku Brazil madzi anaphwa n'kutentha mpaka madigiri 39, ma dolphin oposa 150 anafa m'masabata ochepa.

MkuluWaMpingoTengani
Za zaka mamiliyoni ndakana ndipo ndikukanabe. Koma iyi ya nsomba ya sowo yandikhudza. Chinthu chinalengedwa, chinali mumtsinje wathu, ndipo chapita m'nthawi ya agogo athu ndi ife, popanda ndi mmodzi yemwe woima kunena kuti taonani chikutha. Lamulungu ndikafunsa akuluakulu akumpingo, alipo awiri amene anakulira ku Mutarara, ngati ankaidziwa ndi dzina lake la Chisena.

DalaivalaWaBeira
Abambo mukalipeza dzinalo mulilembe pano. Ine ulendo wamawa ndikadutsa pa Caia ndikafunsa asodzi a pamlatho paja.

NaphiriWaKuNchalo
Ndamuwerengera mwana zonse kuyambira pamwamba, mayunitsi atsala pang'ono kutha. Walemba masamba awiri. Pa dolphin waika nyama yoyamwitsa, mapapo, m'bale wa mvuu. Pa ray waika nsomba ya mafupa ofewa, makha kumimba, m'bale wa shaki, ndipo chitsanzo chake wasankha nsomba ya sowo ya mu Zambezi, osati manta yemwe ali m'buku lawo. Tsono ali ndi pempho kwa bambo aku Chiromo. Akuti mungamuuze mano aja analipo angati mbali imodzi, komanso ngati anali otalikirana mofanana? Akufuna ajambule pansi pa ntchito yakeyo.

MsodziWaChiromo
Muuzeni mdzukulu wangayo kuti ndinkawawerenga ndili mwana agogo akachoka, ndimakumbuka ankapitirira 15 mbali imodzi, otalikirana ngati zala ziwiri, mpaka kufika pafupi ndi pomwe anadulira. Kunsonga kunali kozungulira, osati kosongoka. Mlongo wanga wamkulu ali ku Makhanga, iye ndiye ankachipukuta fumbi, ndimuimbira madzulo ano anditsimikizire. Ajambule kaye ndi pensulo.